Zogona kutchire: ma loji, makampu ndi matenti a mmapaki amasiyana pati, nanga bwanji mitengo yake imaopsa chonchi?

Munthu akangotchula zoti wakagona ku Liwonde kapena ku Majete, funso loyamba limakhala lomwelomwelo, ndi zingati usiku umodzi? Ndiye akatchula mtengo wa loji ina yake ya madola anthu amangoti aaa zimenezo nza azungu, nkhani nkuthera pompo. Ine zimenezi zimandikhudza ndithu chifukwa mapaki amenewa ali mdziko mwathu momuno, koma alipo anthu ambiri akulira pa Liwonde kapena pa Chikwawa penipeni osagonako mkati mwa paki olo tsiku limodzi, osamvako mvuu ikulira usiku pafupi ndi pamene agona. Vuto lalikulu nloti tonse timangodziwa mtengo wa pamwamba uja, pomwe malo ogona kutchire alipo a mitundumitundu ndipo kusiyana kwake sikuli pa kukongola kwa bedi ayi.

Choyamba chofunika kumvetsa nchoti loji ili pati, mkati mwa paki kapena kunja kwa geti. Izi zimaoneka zazing'ono koma ndi zimene zimapangitsa ulendo wonse kukoma kapena kukhala wamba. Nyama zambiri zimayenda mbandakucha ndi chakumadzulo dzuwa likapepa, masana kukatentha mikango imangogona pamthunzi, kambuku ndiye simungamuone nkomwe. Pomwe mageti a mapaki amatsegulidwa mmawa cha mma 6 koloko nkutsekedwa madzulo cha mma 6 momwemonso, ndekuti ngati mwagona mtauni, mwachitsanzo pa Liwonde pafupi ndi mlatho paja, muyenera kudzuka, kuyendetsa galimoto mpaka pa geti, kulipira, kulembetsa, pofika mkati dzuwa lakwera kale ndipo madzulo nthawi imene tchire layamba kusangalatsa inu mukuthamangira kutuluka. Amene wagona mkati akadzuka ali kale pakati pa nyama, khofi akumwa njovu zikuwoloka Shire.

Ku Liwonde komweko kusiyanaku kumaoneka bwino. Mvuu Camp ndi Mvuu Lodge zili mkati mwenimweni mmbali mwa Shire chakumpoto kwa paki, moti ambiri amadzera ku Ulongwe, kusiya galimoto tsidya lino nkuwoloka pa boti. Chakummwera kufupi ndi geti kuli malo ngati Bushman's Baobabs, Liwonde Safari Camp ndi Kutchire Lodge, amenewa ndi otsikirako mtengo ndipo nyama zimafikanso ndithu, si kuti mwagona kumalo kopanda kanthu ayi, kungoti kumtima kwa paki nkotalikirako.

Tsopano za ma loji apamwamba aja amene amatiopsa. Ku Majete kuli Mkulumadzi ya Robin Pope Safaris, inatsegulidwa mu 2011, ili pamene mtsinje wa Mkulumadzi umathira mu Shire ndipo kuti mufike mumayenda wapansi pa mlatho wolendewera. Ili ndi tinyumba 8 tokha basi. Ku Liwonde kampani yomweyo ili ndi Kuthengo Camp yomwe inayamba mu 2018, matenti ake ndi owerengeka mmanja. Ku Nkhotakota kuli Tongole mmbali mwa Bua, ku Nyika kuli Chelinda Lodge. Malo ngati amenewa mtengo wake umakhala madola mazanamazana usiku umodzi, ndipo chenjerani apa, mtengowo ndi wa munthu mmodzi osati wa chipinda ngati mmene timachitira ku resitihausi. Mukapita awiri muchulukitse kawiri, mukapita nokha nthawi zambiri amakuwonjezeraninso kangachepe poti mwatenga chipinda chonse nokha.

Koma mu ndalama imeneyo muli zambiri. Chakudya chonse cha tsiku, nthawi zambiri zakumwa, kuchapa zovala, ndipo chachikulu ndi maulendo awiri patsiku okaona nyama ndi gaidi wawo, uja woperekeza ndi kufotokozera alendo, pa galimoto yawo yotsegula ija, kapena pa boti, kapena wapansi. Tsiku limayenda chonchi, amakudzutsani cha mma 5, tiyi pang'ono, kunyamuka kukadali kachisisira, kubwerako cha mma 10 kudzadya, kupuma masana onse, cha mma 4 kunyamukanso mpaka mdima, pobwera akuwunika ndi getsi lamphamvu kufunafuna fisi, kambuku, nungu ndi tinyama tina tausiku. Ulendo wausikuwu simungaupange pa galimoto yanu, saloleza.

Ndipo mukamva kuti tenti musaganize kaja timanyamula kumisonkhano ya mpingo. Tenti ya pa loji imakhala chipinda chenicheni, pansi pa matabwa kapena simenti, denga laudzu pamwamba pake, bedi lalikulu, neti, chimbudzi chogejemula ndi shawa ya madzi otentha, kungoti makoma ndi a chinsalu cholimba chija ndi mawindo a sefa. Amapangira dala chonchi kuti muzimva chilichonse chakunja komanso kuti malowo asawonongeke ndi nyumba za njerwa.

Nanga kudulako nchifukwa chani kwenikweni? Anthu ambiri amati nkuba chabe koma tiyeni tiwerengere limodzi. Loji ya tinyumba 8 ikadzadza ndi alendo 16 basi, ndipo siidzadza chaka chonse, miyezi yamvula pena imakhala ndi alendo awiri sabata yonse. Koma antchito amakhala ambiri kuposa alendowo, ophika, operekera zakudya, okonza mzipinda, ochapa, alonda, amakaniki, oyendetsa boti, ma gaidi, ndipo ambiri amagona ndi kudya konko. ESCOM kulibe, Water Board kulibe, magetsi ndi a sola ndi mabatire kapena jenereta, madzi amapopa okha nkusefa okha. Katundu yense kuyambira batala mpaka gasi amachokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, pa msewu wafumbi umene umadya matayala ndi ma shoko. Galimoto zoonera nyama zija ndi ma Land Cruiser, sipeya wake ngwa madola, dizilo mukudziwa kale mmene amavutira kwathu kuno. Kuwonjezera apo loji imalipira ku paki chifukwa chomanga ndi kuchita bizinesi mkatimo, komanso makampani akunja amene amawapezera alendo amadulapo gawo lawo pa mtengo uja. Ndiye kuchepa kwa zipindako si kulephera kumanga ayi, nchimene mlendo akugula, kuti akaima pa mkango pasakhale minibasi khumi zitazungulira. Sindikunena kuti mtengo uliwonse ngoyenera, ena amakokomeza ndithu, koma munthu ukaona mmene zinthu zimafikira kumeneko umasiya kuyerekeza ndi hotela ya mtauni.

Pakatikati pali malo amene ineyo ndimaona kuti ndi oyenera banja lomwe lasunga kangachepe. Mvuu Camp, Thawale ku Majete, Bua River Lodge ku Nkhotakota, Chelinda Camp ku Nyika. Thawale ili mkati mwa paki osatalikira kwambiri ndi geti, yayang'anizana ndi dziwe lomwe nyama zimadzamwa, ndiye mmiyezi yotentha mutha kungokhala pampando njovu, njati, njiri ndi nswala zikubwera zokha. Pamalo oterewa funsitsani bwino chomwe chili mu mtengo, chifukwa pena amakuuzani wa kugona ndi chakudya chokha, maulendo oona nyama nkumalipira padera pa munthu aliyense, ndiye ukamadzaphatikiza pamapeto umapeza bilu yakwera kuposa mmene umaganizira.

Tsopano nkhani imene ndikufuna anthu aidziwe kwambiri ndi ya malo ophika wekha ndi malo okhoma tenti yako. Apa mpamene Mmalawi wamba angalowere. Ku Majete kuli malo okhoma matenti amene amathandiza midzi yozungulira paki, ku Liwonde kuli Chimwala Bush Camp yomwe mumabwera ndi chakudya chanu, ku Nkhotakota kuli Livezi ndi Kachenga, ku Chelinda kulinso tinyumba tokhala ndi khitchini komanso bwalo la matenti, ku Vwaza kuli kampu mmbali mwa nyanja ya Kazuni komwe njovu ndi mvuu zimakhala pafupi zedi. Malo ambiri oterewa amakhala ndi zimbudzi, mabafa, pophikira ndi mlonda. Inu mumabweretsa tenti, matiresi, zofunda, ufa, mpunga, ndiwo, mafuta, madzi akumwa okwanira, tochi, ndipo mukakhala gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi nkusonkherana ngati mmemo, wina galimoto, wina mafuta, wina nkhuku, mupeza kuti aliyense watulutsa ndalama imene akanathera pa wikendi imodzi kunyanja. Mkango umene aone wa ku Mkulumadzi ndi womwewo muone inu, njovu sizisankha kuti uyu walipira zingati. Ndalama imene mwapulumutsa pogona mutha kuiika pa ulendo umodzi wa gaidi kapena wa boti, ndipo ku Liwonde ndikuuzeni boti musaliphonye, kuona mvuu, ng'ona, nkhwazi ndi njovu uli pamadzi nkosiyana kwambiri ndi pa galimoto.

Za gaidi ndionjezepo pang'ono. Mutha kuyenda nokha ndi galimoto yanu masana, amaloleza mmapaki ambiri, koma mumadutsa zinthu zambiri osaziona. Gaidi amawerenga mapazi pansi, amamva anyani akakuwa mwanjira ina nkudziwa kuti pali chilombo pafupi, amadziwa njovu ikakwiya ndi pamene ikungoopseza, amalumikizana ndi anzake pa wailesi. Ambiri mwa iwo ndi ana a mmidzi yoyandikana ndi paki amene anaphunzira nkulemba mayeso a ntchitoyi. Loji yokongola yokhala ndi gaidi wosadziwa ntchito ndi kutaya ndalama, bola kampu wamba yokhala ndi gaidi wodziwa.

Pali mtundu wina wa kampu umene kwathu kuno si wofala koma kwa anansi athu ku Zambia ndi umene anatchuka nawo. Ku South Luangwa, kudzera pa Mchinji, Chipata kenako Mfuwe, kumene Chinyanja chimamveka bwinobwino ndipo simusowa wolankhula naye, kuli timakampu ta mkati mwa tchire tomangidwa ndi udzu, bango ndi mitengo, tinyumba titatu kapena tinayi basi. Ambiri amatsegula cha mu Meyi kapena Juni nkutseka kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, mvula ikayamba Luangwa amasefukira, misewu imasanduka matope, ndiye ena amaphwasula zonse nkudzamanganso chaka chamawa. Musapusitsike ndi udzuwo kuganiza kuti nzotchipa, nthawi zambiri ndi odula kuposa loji ya njerwa chifukwa muli kutali ndi wina aliyense ndipo chimene amagulitsa ndi kuyenda wapansi mtchire, gaidi ndi msilikali wa gemu wamfuti akutsogolera. Mchitidwewu anautchukitsa ndi Norman Carr, katswiri wosamalira nyama zakutchire, yemwe mu 1950 anagwirizana ndi mfumu Nsefu kuti apatule malo ena osungirako nyama, alendo azibwera kudzaona ndipo ndalama zizipita kwa anthu a mfumuyo, ndipo kampu ya Nsefu ilipobe mpaka lero. Koma ku Mfuwe komweko kunja kwa geti mmbali mwa mtsinje kuli malo otsika mtengo ngati Croc Valley, Marula Lodge ndi Wildlife Camp, kumene achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana amagona. Ndipo ku Mfuwe Lodge ndi kumene njovu zimalowa pa risepushoni penipeni chakumapeto kwa chaka kupita kukadya zipatso za mtengo wina umene uli mkati mwa loji, chifukwa lojiyo inamangidwa panjira yawo.

Nyengo nayo imasintha zonse, mtengo ndi zimene muone. Kuyambira Juni mpaka Okutobala udzu wauma, madzi atsala mmitsinje ndi mmaiwe ochepa, nyama zimaunjikana pamenepo, ndiye ndi nthawi yabwino yoonera komanso ndi nthawi yodula ndi yodzadza. Okutobala ku chigwa cha Shire ndi ku Luangwa kumatentha koopsa, kufika madigiri 40, ndipo matenti ambiri alibe makina oziziritsa, pali fani basi, ngati muli ndi mwana wamng'ono kapena agogo ganizirani kawiri. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tchire limabiriwira, mbalame zimachuluka, nswala zimakhala ndi ana, mitengo ya malo ogona imatsika ndipo ndi nthawi imene ma loji ambiri amatulutsa mitengo yapadera ya ife eni dziko. Kuipa kwake nyama zimabalalika, udzu umatalika, ndipo dothi lamakande la ku Liwonde likanyowa olo galimoto yamphamvu imatitimira, misewu ina amatseka kumene.

Nyika ndi ina payokha. Ndi paki yaikulu kuposa zonse mMalawi, pafupifupi ma sikweya kilomita 3,200, yoyambanso kukhazikitsidwa mu 1965, ndipo Chelinda ili pamwamba kupitirira mamita 2,000. Kumeneko nkhawa si kutentha koma kuzizira, mu Juni ndi Julaye madzi amatha kuundana usiku, nchifukwa chake zipinda zake zimakhala ndi poyatsira moto mkati ndipo Chelinda Lodge inamangidwa ndi mitengo ya paini. Mukaone mbidzi, ntchefu ndi chilembwe pa mapiri opanda mitengo, nthawi yamvula maluwa ali ponseponse. Msewu wochokera ku Rumphi ndi wautali komanso wovuta, pamafunika galimoto yokwera ndipo mafuta muthiriretu odzadza.

Kaya mwagona pa loji ya madola kaya mu tenti yanu, malamulo ausiku ndi amodzi ndipo si ongolemba pakhoma ayi. Makampu ambiri alibe mpanda, nyama zimadutsa pakati pa tinyumba. Kukada simuyenda nokha kuchoka kodyera kupita kogona, mlonda amakuperekezani ndi tochi. Mvuu imatuluka mmadzi usiku kudzadya udzu ndipo ikakupezani pakati pa iyo ndi mtsinje ndi ngozi yeniyeni, amene amakhala mmbali mwa Shire akudziwa bwino. Tenti itsekedwe zipi mpaka pansi nthawi zonse, chakudya makamaka zipatso musagone nacho mu tenti, chisiyeni mgalimoto mutatseka mawindo, anyani ndi apusi amatsegula chilichonse ndipo fisi amatha kukoka poto olo nsapato. Kusamba mumtsinje iwalani. Mzipinda zambiri amaikamo wezulo, ng'oma kapena kawailesi koitanira thandizo pakagwa vuto lenileni. Kutola nkhuni mpaki nkoletsedwa, gulani pa kampu kapena tengani mbaula ya gasi. Malungo aliko kwambiri kuzigwa, neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu musasiye, ndipo ku Nkhotakota, Vwaza ndi Kasungu kuli kashembe, amakonda zovala zakuda ndi zabuluu, ndiye valani zotuwa. Amene muli ndi ana funsiranitu, ma loji ena salandira ana aang'ono ndipo kuyenda wapansi mtchire nthawi zambiri amafuna mwana wa zaka 12 kupita mtsogolo.

Mwina wina afunse kuti bwanji ma loji ambiriwa ndi atsopano, kale anali kuti? Yankho nloti kale mmapaki ena nyama zinali zitachepa kwambiri moti mlendo analibe zambiri zoti adzaone. Majete pofika mu 1992 njovu zinali zitatheratu ndi opha nyama mozemba, chipembere ndi mikango zinatha kalekale. Bungwe losamalira mapaki la African Parks litagwirizana ndi boma mu 2003 anamanga mpanda, anabweretsa chipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, kenako nyamalikiti mu 2018 ndi mimbulu mu 2021. Mu 2015 anatenganso Liwonde ndi Nkhotakota, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Ku Liwonde mikango inabwerera mu 2018, zipembere 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019. Ma loji amatsatira nyama, ndipo ndalama za alendo ogona ndi olowa pa geti ndi gawo limodzi la zimene zimalipira asilikali a gemu ndi kukonza mpanda wamagetsi uja.

Koma tisaiwale amene amalipira mtengo wina umene suoneka pa bilu, anthu a mmidzi ya mmalire. Iwowa ndi amene njovu ikathyola mpanda imawadyera chimanga cha chaka chonse usiku umodzi, ena ataya abale awo, ena makolo awo anachotsedwa mmalo amenewa pamene mapaki amakhazikitsidwa. Nkhani ya ku Kasungu, kumene njovu 263 zinapititsidwa mu 2022, yakhala ikumveka ndi madandaulo a anthu a mbali zonse ziwiri za malire ndi Zambia. Ndiye posankha pogona ine ndimaona kuti nkoyenera kufunsa kuti antchito anu ndi ochokera kuti, alipo Mmalawi amene ali manijala kapena gaidi wamkulu, tomato ndi mazira mumagula kwa alimi apafupi kapena zonse zimachokera mmashopu a mtauni, pali sukulu kapena chipatala chimene mumathandiza? Loji imene ikuchita zimenezi imayankha mosavuta ndipo ena amakutengani kukaona. Ndipo kabokosi ka tipi kamene kamakhala pa risepushoni kaja musakadutse, kamagawidwa kwa ochapa ndi ophika amene simunawaone nkomwe.

Pobukitsa malo musadalire mtengo umene mwauona pa intaneti, umenewo nthawi zambiri ngwa alendo ochokera kunja. Imbani foni kapena lembani pa WhatsApp, nenani kuti ndinu Mmalawi ndipo mukufuna mtengo wa eni dziko mu kwacha, ma loji ambiri ali nawo koma sauika poyera, ndipo kusiyana kwake kumakhala kwakukulu makamaka nthawi yamvula komanso pakati pa sabata. Funsani ngati ndalama yolowera mpaki ili momwemo kapena mukalipira nokha pa geti, imeneyi imawerengedwa pa munthu pa tsiku kuphatikizapo ya galimoto, ndipo ya Mmalawi ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya mlendo, bola mutenge chiphaso chanu cha unzika. Funsaninso za msewu sabata imeneyo, ngati galimoto yaing'ono ingafike, nthawi yomaliza kulowa pa geti, komanso ngati amalandira khadi kapena Airtel Money ndi Mpamba poti netiweki kutchire imavuta, ndi bwino kutengako ndalama zina mmanja. Ndipo ngati thumba likulola gonani masiku awiri osati limodzi, chifukwa tsiku loyamba limathera panjira, mumafika madzulo mutatopa, ndiye mukagona kamodzi kokha mumangokhala ndi mmawa umodzi woonera nyama kenako mwayamba kale kulongedza.